Kuphatikiza mizere yosefa mu Excel popanda nambala za mainasi kudya zinzake: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa osunga mabuku a mabuthi a mobile money, a m'mashopu a holoselo ku Kamwala, ndi alembi a magulu a chilimba muno mu Lusaka. Kuti tisasocheretsane, zitsanzo zonse zikuchokera pa shiti imodzi: mzere 1 uli ndi mitu, kolamu A ndi tsiku, B ndi malo a buthi, C ndi ndalama, kuyambira C2 kufika C200. Ndalama zolowa zalembedwa wamba, zotuluka zili ndi mainasi. Mukasefa kolamu B ndi Filter kuti patsale Kamwala yokha, pakuoneka mizere isanu: 1,500, -800, 2,000, -2,450 ndi 300.

Ndasefa mizere koma yankho la SUM silikusintha. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chalakwika. SUM siyang'ana zimene maso anu akuona, imaphatikiza maselo onse amene mwaipatsa, obisika ndi oonekera omwe. Fomula imene imamvera sefa ndi SUBTOTAL:

=SUBTOTAL(109,C2:C200)

Pa chitsanzo chathu ipereka 550, ndipo mukasintha sefa kuti muone Matero, nayo isintha. Ngati Filter yayatsidwa kale ndipo mwasefa, kudina Alt ndi = pamodzi pansi pa kolamu kumakulemberani SUBTOTAL yokha, kungoti imayamba ndi 9.

Nanga 9 ndi 109 zikusiyana pati?

Zonse ziwiri zikutanthauza kuphatikiza, ndipo zonse zimalumpha mizere imene yabisidwa ndi Filter. Kusiyana kuli pa mizere imene mwabisa nokha ndi Hide: 9 inapangidwa kuti iziiwerengera, 109 iziisiya. Ine ndimalangiza 109 nthawi zonse, chifukwa munthu wofunsa funsoli amafuna zimene zikuoneka basi. Nambala zina za banja lomweli zimene tidzazifuna kutsogoloku ndi 102, yowerenga maselo okhala ndi nambala, ndi 103, yowerenga maselo amene sali opanda kanthu.

SUBTOTAL imasamala za mizere yokha. Mukabisa kolamu, siiona kusiyana.

Kuchotsa mainasi n'kofunika pati? Si kunamiza mabuku kumeneko?

Zimatengera funso limene mukufunsa. Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti "zatsala zingati?", ndipo yankho lake ndi 550. Lachiwiri ndi lakuti "zadutsa m'manja zingati?", ndipo yankho lake ndi 1,500 + 800 + 2,000 + 2,450 + 300, zomwe ndi 7,050. Minibasi ikachoka m'tauni kupita ku Chelstone n'kubwerera, yaima pamene inayambira, koma mafuta yamwa a ulendo wonse. 550 ndi pamene basi yaima, 7,050 ndi msewu umene yayenda.

Mwini mabuthi amafuna nambala yachiwiriyi pofuna kudziwa buthi imene ili ndi makasitomala ambiri ndi imene ikufunika float, ndalama zogwirira ntchito pa buthi, yokulirapo. Buthi ikhoza kutseka tsiku ndi kusiyana kwa K50 yokha pomwe mtsikana wa pa kauntala wagwira K40,000 kuyambira m'mawa.

Pamene nkhaniyi imaluma kwambiri ndi powerenga katundu. Tinene kuti pa shelefu shuga wapezeka wochepa ndi K600 poyerekeza ndi buku, mafuta ophikira apezeka ochuluka ndi K600. Mukaphatikiza wamba mupeza 0, ndipo lipoti lionetsa ngati zonse zili bwino. Chonsecho pali zolakwika ziwiri zokwana K1,200, mwina wina akulemba katundu pa dzina lolakwika, mwina pali dzanja lalitali. ABS ndi imene imachotsa mainasi: =ABS(-600) imapereka 600.

Ndalemba =ABS(SUBTOTAL(109,C2:C200)) koma ndikupezabe 550. Bwanji?

Chifukwa mwayamba ndi kuphatikiza, n'kudzachotsa mainasi pamapeto. Pofika pamenepo nambala za mainasi zadya kale zinzake. Fomulayi imangosintha yankho lomaliza likakhala la mainasi, mwachitsanzo -550 kukhala 550. Mainasi ayenera kuchoka pa selo iliyonse payokha, kuphatikiza kubwere pambuyo.

Cholakwika ichi n'choopsa chifukwa Excel siidandaula. Nambala imatuluka yooneka bwinobwino, munthu n'kuitumiza kwa abwana.

Ndiye ndatembenuza, ndalemba =SUBTOTAL(109,ABS(C2:C200)). Ikukana. Vuto lili pati?

Maganizo ake ndi olondola, koma SUBTOTAL siingathe. Kuti idziwe ngati mzere wabisika, imafunika kupatsidwa malo enieni a pa shiti, monga C7 kapena C2:C200. ABS ikamaliza ntchito yake imabweza mulu wa nambala zopanda malo. 800 imene yatuluka mu ABS siikumbukanso kuti inachokera pa mzere uti, ndiye SUBTOTAL ilibe poyang'ana. Njira zonse zotsatirazi ndi zozembera vuto limeneli.

Njira yosavuta ndi iti?

Kolamu yothandizira. Mu D1 lembani mutu, monga "Kukula". Mu D2 lembani =ABS(C2), kenako dinani kawiri kakona ka pansi kumanja kwa seloyo kuti fomula itsike mpaka D200. Pomaliza, mu F1 lembani:

=SUBTOTAL(109,D2:D200)

Mukasefa Kamwala mupeza 7,050. Chitani zimenezi musanasefe, kuti fomula ifike pa mizere yonse, ndipo ngati Filter inali yoyatsa kale, izimitseni n'kuiyatsanso ndi Ctrl+Shift+L kuti kolamu D ilowe m'gulu.

Anthu ena amainyoza njirayi, amati ndi ya ophunzira kumene. Ine ndimaona kuti ndi yabwino kuposa zonse zimene zili patsambali. Aliyense amene angatsegule fayilo aona ndi maso kuti -2,450 yasanduka 2,450. Imagwira pa Excel yakale ya pa laputopu ya salaula, imagwira pa foni, imagwira pa Google Sheets. Tsiku limene mudzapite ku maliro ku Chipata n'kusiyira mnzanu mabuku, sadzakuimbirani foni kufunsa kuti fomula ija ikutanthauza chiyani.

Ngati mukuwonjezera mizere tsiku ndi tsiku, sandutsani deta yanu kukhala Table ndi Ctrl+T. Pamenepo kolamu ya ABS imadzidzaza yokha pa mzere uliwonse watsopano, ndipo mukayatsa Total Row n'kusankha Sum, Excel imalemba SUBTOTAL ya 109 payokha.

Abwana safuna kolamu yowonjezera pa lipoti. Palibe fomula imodzi yokha?

Choyamba, kolamu D mukhoza kuibisa. Monga tanenera pa funso la 9 ndi 109, kubisa kolamu sikusokoneza SUBTOTAL. Lipoti lioneka loyera, yankho likhala lomwelo.

Koma ngati shiti ndi ya ku likulu ndipo simuloledwa kuwonjezera kanthu, fomula ilipo:

=SUMPRODUCT(ABS(SUBTOTAL(109,OFFSET(C2,ROW(C2:C200)-ROW(C2),0))))

Imaoneka yoopsa, koma tikaiwerenga kuchokera mkati imamveka. ROW(C2:C200)-ROW(C2) imatulutsa nambala 0, 1, 2, 3 mpaka 198. OFFSET imaima pa C2 n'kutsika ndi masitepe amenewo: 0 ndi C2 yomweyo, 1 ndi C3, 2 ndi C4, mpaka C200. Chofunika n'chakuti OFFSET imabweza malo enieni, osati nambala chabe, choncho SUBTOTAL imailandira. M'malo mofunsidwa kamodzi za kolamu yonse, SUBTOTAL ikufunsidwa ka 199, selo imodzi imodzi. Selo yooneka imabweza nambala yake, yobisika imabweza 0. Apa ndi pamene ABS imalowa, n'kuchotsa mainasi pa yankho lililonse, ndipo SUMPRODUCT imawonkhetsa zonse.

Tagwiritsa ntchito SUMPRODUCT osati SUM chifukwa cha Excel 2019 ndi zakale kuposa pamenepo. Kumeneko SUM ikapatsidwa ntchito yotere imafuna kuti mumalize ndi Ctrl+Shift+Enter, ndipo mukaiwala imapereka yankho lolakwika kapena #VALUE!. SUMPRODUCT imangofuna Enter wamba.

Samalani malo atatu pamene pali C2: onse akhale selo yoyamba ya deta. Mukalemba OFFSET(C1,...) pomwe zina zikuyambira pa C2, fomula idzatsetsereka ndi mzere umodzi, n'kusiya C200 kunja osakuuzani.

Ndinaona ina yofanana koma ili ndi 103. Ndi yolakwika?

Mukunena iyi:

=SUMPRODUCT(SUBTOTAL(103,OFFSET(C2,ROW(C2:C200)-ROW(C2),0)),ABS(C2:C200))

Ndi yolondola. Gawo loyamba limatulutsa 1 pa mzere wooneka ndi 0 pa wobisika, lachiwiri limatulutsa nambala zopanda mainasi, SUMPRODUCT imachulukitsa ziwiriziwiri n'kuphatikiza. Kusiyana kumaoneka mu kolamu C mukakhala mawu. Wina akalemba "pending" kapena kamzere pa selo imodzi, iyi ya 103 imagwa ndi #VALUE!, chifukwa ABS siingachotse mainasi pa mawu. Ya 109 ija imangolumpha seloyo mwakachetechete. Ena amakonda yachete, koma pa nkhani ya ndalama fomula yofuula ili ndi ubwino wake: imakukakamizani kupita kukaona chimene chalembedwa pamenepo.

Chilembereni fomula ya OFFSET, fayilo ikuchedwa kwambiri. Nditani?

OFFSET ili m'gulu la mafomula amene amawerengedwanso nthawi iliyonse Excel ikamawerengera, ngakhale mwasintha selo yosakhudzana nayo. Pa mizere 200 simungamve kanthu. Pa mizere 50,000, makamaka fomulayo ikakhala m'maselo angapo, laputopu imayamba kupuma movutikira, ndipo magetsi akapita batire siichedwa kutha.

Osalemba C:C mkati mwa fomulayi. Kolamu yonse ili ndi mizere 1,048,576, ndipo Excel idzayesa kuifunsa yonse. Lembani malire oyandikira kukula kwa deta yanu. Fayilo ikakula ndithu, bwererani ku kolamu yothandizira.

Ena amathawira ku Formulas, Calculation Options, Manual. Kuchedwa kumatha, inde, koma kuyambira pamenepo yankho silisintha mukasefa mpaka mutadina F9, ndipo mawa lake mudzakhala mutaiwala.

Ndili ndi Microsoft 365. Pali njira yatsopano?

Ilipo, ndipo ndi yaifupi:

=SUM(MAP(C2:C200,LAMBDA(x,ABS(SUBTOTAL(109,x)))))

MAP imapereka selo iliyonse kwa SUBTOTAL pamodzi ndi malo ake, choncho OFFSET siifunikanso. Vuto limabwera potumizirana mafayilo. Excel 2021 ili ndi FILTER ndi XLOOKUP koma ilibe LAMBDA ndi MAP, ndipo 2016 ndi 2019 zilibe zonsezi. Akauntanti wanu akatsegula pa Excel yakale, fomula ikangowerengedwanso aona #NAME?. Funsani kaye zimene anzanu ali nazo.

Wina anandiuza kuti AGGREGATE ndi yamphamvu kuposa SUBTOTAL. Singathetse zimenezi?

AGGREGATE inabwera ndi Excel 2010, ndipo n'zoona kuti ili ndi luso lina: =AGGREGATE(9,7,D2:D200) imalumpha mizere yobisika komanso maselo okhala ndi zolakwika monga #N/A, pomwe SUBTOTAL imagwa ikakumana ndi cholakwika chooneka. Pa kolamu yothandizira ndi yabwino. Koma =AGGREGATE(9,5,ABS(C2:C200)) imapereka #VALUE!. Pa ntchito zake 19, zoyambira 14 mpaka 19 zokha ndi zimene zimalandira mulu wa nambala, ndipo kuphatikiza ndi ntchito nambala 9. Chifukwa chake ndi chomwe chija tafotokoza pa SUBTOTAL yokana ABS.

Timagwiritsa ntchito Google Sheets kuti mabuthi onse azilemba pa foni. Zimagwira chimodzimodzi?

SUBTOTAL ndi ABS zilipo ndipo kolamu yothandizira imagwira popanda kusintha kanthu. Ya OFFSET ija musaidalire kumeneko, chifukwa Sheets siyendetsa OFFSET selo ndi selo monga imachitira Excel. Ngati mukufuna fomula imodzi, gwiritsani ya MAP ndi LAMBDA, zimene Google inawonjezera mu 2022. Pa LibreOffice Calc ndi WPS Office ya pa foni, kolamu yothandizira ndiyo njira yosadetsa nkhawa.

Kumbukirani kuti pa shiti yogawana, Filter wamba imasefera aliyense. Inu mukasefa Kamwala, mnzanu wa ku Chilenje aona mizere yake itasowa pakati pa kulemba.

Ndakopera fomula ndendende koma Excel ikuti ili ndi vuto.

Yang'anani zinthu ziwiri. Makompyuta ena, makamaka ogula ogwiritsidwa kale ntchito kunja, anatcheredwa mwa kalembedwe ka mayiko amene amalemba 1,5 m'malo mwa 1.5. Pa amenewo, pakati pa zigawo za fomula pamafunika ; osati koma wamba: =SUBTOTAL(109;D2:D200). Chachiwiri, fomula yodutsa pa WhatsApp kapena Word nthawi zina imafika ndi zizindikiro za mawu zopindika, “ ”, pomwe Excel imafuna zowongoka, " ". Zifufuteni muzilembenso ndi dzanja. Werenganinso mabulaketi otseka: ya OFFSET ya 109 imatha ndi anayi, ya MAP ndi asanu.

Fomula ikugwira, koma yankho likuchepa poyerekeza ndi kakyuleta. Ndalama zina zapita kuti?

Kawirikawiri vuto silikhala fomula. Limakhala nambala zimene Excel ikuziona ngati mawu. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi masitetimenti otsitsa ku banki kapena ku mobile money, ndi mafayilo otuluka m'makina a pa tilu. Mumapeza "K1,200.00", kapena "800.00 DR", kapena "2450-" mainasi ali kumapeto, kapena nambala yooneka bwino koma ili ndi mpata wosaoneka kumbuyo kwake. SUBTOTAL imalumpha zonsezi osanena kanthu.

Zizindikiro zake: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa selo, ya mawu imatsamira kumanzere, ndipo nthawi zambiri pamakhala kakona kobiriwira pamwamba. Koma wina akhoza kukhala atasintha matsamiridwe, choncho yesani motere m'maselo awiri: =SUBTOTAL(103,C2:C200) ndi =SUBTOTAL(102,C2:C200). Yoyamba ikanena 5, yachiwiri 4, ndiye kuti pa mizere yooneka pali selo imodzi imene si nambala.

Kukonza kwake kumatengera matenda. K wa kutsogolo muchotseni ndi Ctrl+H, mutasankha kolamu C yokha, apo ayi muchotsanso K wa Kamwala ndi Kabwata. Mainasi a kumapeto amakonzeka ndi Data, Text to Columns: pitani mpaka sitepe yachitatu, dinani Advanced, onetsetsani kuti Trailing minus for negative numbers yachongedwa. Mpata wosaoneka uja nthawi zambiri TRIM siuchotsa, chifukwa si mpata wamba. Umachoka ndi =VALUE(SUBSTITUTE(C2,CHAR(160),"")). Za DR ndi CR, popeza mukufuna kukula kokha, mungochotsa zilembozo ndi Ctrl+H, koma yambani mwakopera kolamuyo pambali, chifukwa mukazifufuta simudzadziwanso zolowa ndi zotuluka.

Chinanso chochepetsa yankho ndi malire. Deta yafika mzere 260, fomula ikadali pa C200.

Ndikasefa, selo ya yankho imasowa. Ndiiike pati?

Filter imabisa mzere wathunthu, kuchokera kolamu A mpaka kumapeto. Yankho likakhala mu F5 ndipo mzere 5 ndi wa Matero, lipita nawo mukasefa Kamwala. Liikeni pa mzere wa mitu, monga F1, kapena tsegulani mizere iwiri pamwamba pa mitu muliike kumeneko, kenako View, Freeze Panes kuti lizioneka mukamatsika. Pansi pa deta si malo abwino, chifukwa mawa mufuna kulembapo ndalama zatsopano.

Ndinaika SUBTOTAL mu kolamu yothandizira, ndiye yankho lonse likutuluka 0.

SUBTOTAL imalumpha maselo amene ali ndi SUBTOTAL inzake. Anaipanga choncho dala, kuti pa lipoti lokhala ndi mayankho a magulu ndalama zisawerengedwe kawiri. Ngati mu D2 mwalemba =ABS(SUBTOTAL(109,C2)), phatikizani kolamu D ndi SUM wamba, popeza mizere yobisika yasanduka kale 0. Koma palibe chifukwa chozungulira choncho; =ABS(C2) ikukwana.

Ndikufuna Kamwala, Chilenje ndi Matero zionekere pamodzi, osati kusefa imodzi imodzi.

Ndiye simukufuna sefa konse. Lembani maina a malo mu H2, H3, H4, ndipo mu I2 ikani:

=SUMIFS($C$2:$C$200,$B$2:$B$200,H2,$C$2:$C$200,">0")-SUMIFS($C$2:$C$200,$B$2:$B$200,H2,$C$2:$C$200,"<0")

Gawo loyamba limasonkhanitsa zolowa, 3,800 pa Kamwala. Lachiwiri limasonkhanitsa zotuluka, -3,250. Kuchotsa nambala ya mainasi n'kuwonjezera, ndiye mupeza 7,050 yomwe ija. Imagwira kuyambira Excel 2007 ndipo ndi yopepuka. Ingodziwani kuti SUMIFS siiona sefa: yankho lake silisintha ngakhale mubise mizere yonse. Pa lipoti la kumapeto kwa mwezi umenewo ndi ubwino, chifukwa palibe angalisokoneze posiya Filter yoyatsa.

Maina alembedwe mofanana. "Kamwala" ndi "Kamwala " ya mpata kumapeto ndi malo awiri osiyana kwa Excel.

PivotTable, chida cha Excel chophatikiza deta m'magulu, singachite zimenezi?

Ingachite ngati kolamu ya ABS ili kale mu deta: ikokereni ku Values, malo a buthi ku Rows. Chimene sichigwira ndi kulemba ABS mu Calculated Field. Pivot imayamba yaphatikiza kenako n'kuika ABS pa yankho, ndiye mubwerera ku 550 ija ya funso lachinayi.

Kodi 7,050 ndingailembe ngati malonda a tsikulo, mwachitsanzo pa mafomu a msonkho a ZRA?

Ayi. Ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zayenda uku ndi uku, si malonda ndipo si phindu. Pa buthi ya mobile money, ndalama za kasitomala zimene mwalandira ndi zimene mwapereka si zanu. Zanu ndi komishoni. Pa shopu, mizere ya mainasi ikhoza kukhala katundu wobwezedwa kapena zogula, ndipo kuziwonjezera pa malonda kukukuzani kuposa mmene mulili. Seloyo ipatseni mutu womveka, monga "Zoyenda zonse", kuti wina asaitole n'kuiika pamene sipayenera.

Ndingatsimikize bwanji kuti yankho ndi loona ndisanatumize?

Sefani gulu laling'ono la mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, muphatikize pa kakyuleta ya foni osalabadira mainasi, muyerekeze. Ngati muli ndi kolamu D, sankhani maselo ake ooneka muyang'ane pansi penipeni pa zenera la Excel pamene palembedwa Sum. Pamenepo pamawerengedwa zooneka zokha, ndipo nambala yake iyenera kufanana ndi ya mu F1. Kenako chotsani sefa yonse muyerekeze ndi =SUMPRODUCT(ABS(C2:C200)). Zikasiyana pomwe sefa palibe, pali mzere umene wina anabisa ndi Hide: yang'anani nambala za mizere kumanzere, muone pamene zalumpha, monga kuchoka pa 41 kufika pa 44, musankhe mizere iwiriyo, dinani kumanja, Unhide.